Kukwinya nkhope pachingerezi timati chani? Ndalemba kamodzi, werengani mpaka pansi

Teremu iliyonse funso ili limabwera basi. Wina amandiimitsa pakhonde ndikutuluka mkalasi choko chili mbuu mmanja, wina amatumiza uthenga pa WhatsApp usiku anthu titagona kale, "Madam, kukwinya nkhope pachingerezi timati chani?" Ndipo si ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 okha ayi, ngakhale akuluakulu amene akukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS kuti akagwire ntchito ku UK amafunsa zomwezi. Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, nde lero ndati ndikhale pansi ndilembe, wina akadzafunsanso ndizingomulozera pano.

Chimene chimandiwawa nchakuti ndikamachonga makompozishoni, makamaka a nkhani yopeka aja, mwana amakhala wayamba bwinobwino nkhani ikukoma, kenako pofika pamene bambo akwiya ndimangoona "My father frowned his face." Ena amalemba "he tied his face", ena "she folded her face". Ine ndimamva chimene mwanayo akufuna kunena chifukwa ndine Mmalawi mnzake, ndikudziwa kuti mmutu mwake munali Chichewa nde wangochitembenuza liwu ndi liwu, koma pa mayeso a MSCE chiganizo chotere ncholakwika basi, malikisi amapita.

Sikuti anawa mawu sakuwadziwa ayi. Chowavuta ndi kudziwa kuti liwu liti limayenda ndi liti. Pachingerezi zimenezi amati collocation, ndiye kuti mawu oyendera limodzi. Ngakhale mChichewa chathuchi zilimo, madzi timatunga, moto timapala, nkhuni timatola, mtedza timakumba. Mlendo atanena kuti "ndikukatunga moto kwa aneba" mungamumve ndithu, koma mudziwa pompo kuti chinenerochi sanayamwire. Ndi mmenenso mumamvekera inu mukalemba "frowned his face". Tiyeni tiyambe.

1. Musathamangire dikishonale, yambani mwaona nkhopeyo.

Liwu lathu loti kukwinya ndi lalikulu ngati dengu, mumalowa zambiri. Wokwiya amakwinya, womva ululu amakwinya, wolawa ndimu amakwinya, amene samu yamuvuta amakwinyanso. Chingerezi chinatenga zonsezi nkuziika mmilumilu ngati tomato pamsika, mulu uliwonse ndi dzina lake. Nde musanalembe kalikonse tsinzinani kaye mumuone munthu wa mnkhani yanuyo, mudzifunse kuti chasuntha nchani pankhope pake, kodi ndi nsidze, maso, mphuno, milomo kapena nkhope yonse? Wachita zimenezo chifukwa chani? Akuyang'ana ndani? Ndipo zangochitika kamphindi kapena watandala nazo tsiku lonse? Mukayankha mafunso anayiwa liwu limabwera lokha.

2. Ngati zasuntha ndi nsidze ndi mphumi, mawu anu akuluakulu ndi frown ndi scowl.

Frown ndiye tsinya lathu lija, nsidze zimayandikana pamphumi nkuoneka timizere. Koma gwiritsani ichi, frown si mkwiyo nthawi zonse. Munthu amachita frown chifukwa sanasangalale, kapena ali ndi nkhawa, kapenanso chinthu sakuchimvetsa. "She frowned at the question paper" sakunena kuti wakwiyira pepala ayi, funso langomuzunguza mutu. Scowl ndiye ilibe ziwiri, ndi tsinya la mkwiyo, lija mumati mukalowa mushopu wogulitsa nkukuyang'anani ngati mwabwera kudzakongola. "The shopkeeper scowled at me."

Taonani bwino, mziganizo ziwirizi mulibe liwu loti face. Aneni awiriwa nkhope anaimeza kale, ili mkati mwawo, nde mukawonjezera face zili ngati kunena kuti anayetsemula mphuno kapena anatsokomola khosi. "He frowned." Mwamaliza. Mukafuna kutchula amene akuyang'anidwayo ikani at, "he frowned at me".

Mukafunitsitsa kutchula chiwalo pali mawu ake ena, "he furrowed his brow" kapena "she knitted her brows". Brow ndi mphumi, brows ndi nsidze. Furrow ndi kangalande kamene kamatsala pulawo ikadutsa mmunda, nde taganizani mphumi ya agogo aamuna itachita mizeremizere ngati munda wogalauza kumene, liwulo simudzaliiwalanso. Awiriwa ndi a mmabuku, mkompozishoni amakoma koma pocheza ndi anzanu mungamveke ngati mukuwerenga nyuzi.

Frown ikakhala dzina imayenda ndi afotokozi awa, "a deep frown", "a slight frown", "a worried frown", "a puzzled frown". Tsinya lalikulu ndi deep, osati strong. Ndipo Angerezi tsinya amachita kuvala ngati malaya, "he wore a scowl all morning".

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza oonera mafilimu. Kwa anthu a ku Britain, amene Chingerezi chawo ndi chimene timatsata msukulu zathu, frown imachitikira pamphumi, pomwe anthu ambiri a ku America akamva frown amaganiza za milomo yogwera pansi, nchifukwa chake kaemoji kapafoni kotchedwa frowning face chizindikiro chake ndi kukamwa kopindikira pansi. Zonse nzoona, kungoti inu pamayeso tsatani ya pamphumi.

Chenjeraninso ndi frown on kapena frown upon, imeneyo nkhope yachokamo, tanthauzo lake ndi kusagwirizana ndi khalidwe linalake. "Greeting an elder with your hands in your pockets is frowned upon." Palibe amene wakwinya apa, akungoti anthu sakondwera nazo.

3. Ngati nkhani ili mmaso.

Glare ndi kutuzulira munthu maso mwaukali osaphethira, iye akuona kuti mukumuyang'ana. "The teacher glared at the boys who were making noise." Glower ndi mbale wake koma iyeyu amakhalitsa, ndi mkwiyo wofuka pansipansi ngati moto wa utuchi, "he sat in the corner glowering at everyone". Musasokoneze ndi stare, kumene kuli kuyang'anitsitsa chabe ngakhale popanda mkwiyo, kapena glance, kumene kuli kuponya diso kamodzi nkuyang'ana kwina. Ana ambiri amalemba glance akutanthauza glare, nde nkhani imamveka ngati aphunzitsi okwiya aja angosuzumira nkupitiriza zawo.

"She narrowed her eyes" ndi kuchepetsa maso ngati mukufuna kutsinzina, kawirikawiri mokayikira, monga mayi akamamva mwana akufotokoza kumene kwapita chenji. "He rolled his eyes" ndi kutembenuzira maso kumwamba posonyeza kuti watopa nanu kapena zimene mukunenazo akuziona zopanda mutu. "She raised an eyebrow" ndi kukweza nsidze modabwa kapena mokayikira, koma mwaulemu ndithu.

Diso la nkhwezule lija achinyamata pa intaneti amati side-eye, "she gave me the side-eye", koma limenelo ndi la pocheza, pamayeso lembani "she gave me a dirty look" kapena "a sideways look". Apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. "She gave me a dirty look" ndiye kuti anandiyang'ana moipidwa. "She looked dirty" ndiye kuti amaoneka wosasamba. Mwana wina analemba chachiwirichi ponena za azakhali ake amene amangofuna kuwafotokoza kuti anakwiya, ndinamuitana ndekha nkumufotokozera chifukwa ndinadziwa kuti sizimene amatanthauza. Mukafuna cholemera kuposa dirty look pali "a withering look", kuyang'ana kofotetsa munthu ngati mmera padzuwa la Okutobala, komanso "she looked daggers at him", maso olasa ngati mipeni.

4. Milomo, mphuno ndi nsagwada.

"She pursed her lips" ndi kufinya milomo pamodzi, munthu sakugwirizana nazo koma wasankha kusayankhula. Purse ndi kachikwama ka ndalama, kalekale kamakhala kathumba komanga ndi chingwe kukamwa, nde milomo imachita ngati kukamwa kwa kathumbako mukakoka chingwe. Pout ndi kusongola mlomo ngati mwana amene wamanidwa kanthu, ndipo imayenda yokha, "the child pouted", musawonjezere mouth. Masiku ano pout amanenanso milomo ija atsikana amapanga pojambulitsa selefi, nde onetsetsani kuti chiganizo chanu chikusonyeza kuti munthuyo wakhumudwa.

"He curled his lip" ndi sneer ndi za mnyozo, mlomo wammwamba umakwera mbali imodzi, munthu akukuonani ngati si kanthu. "He sneered at my old shoes." Koma smirk ichotseni pagulu ili, smirk ndi kumwetulira kodzimva, kwa munthu amene zake zayenda ndipo akusangalala kuti zanu zavuta. Ameneyo sanaipidwe ayi, wakondwa.

Mphuno ndi ya kunyansidwa, "she wrinkled her nose at the smell". Pali inanso yofanana nayo koma yosiyana, "he turned up his nose at the food", kumeneko ndi kukana chinthu modzikweza, kuchiona ngati si cha saizi yanu, monga mlendo wochokera mtauni kukana nsima ya mgaiwa. "He clenched his jaw" ndi "she gritted her teeth" ndi kulumanitsa mano, munthu akudzigwira kuti mkwiyo usatuluke kapena akupirira zowawa.

Nanga kutsonya? Funso ili ndiye limabwera kawirikawiri chifukwa mmabuku athu a sukulu simupezamo. Kamxii kathu kaja pachingerezi amati "she sucked her teeth", ndipo ku London ndi ku Jamaica mumva kwambiri "she kissed her teeth". Angerezi eni ake ali ndi kawo kosiyana pang'ono kamene amati tut, kaphokoso ka lilime kakafupi, "the old man tutted and shook his head". Kathu ndi kolemera kuposa tut, mwana kutsonya pamaso pa mayi ake nkhani yake imafika patali, pomwe tut ndi kung'ung'udza chabe.

5. Nkhope yonse ikasintha.

Grimace ndi kukwinya nkhope yonse, milomo kupotoka, chifukwa cha ululu kapena kunyansidwa, "he grimaced in pain". Wince ndi kakafupi, kaja mumachita mwadzidzidzi singano ikalowa kapena wina akanena mawu olasa, kamphindi kamodzi katha. "She screwed up her face" ndi ija ya mwana akalawa mankhwala owawa. "He pulled a face" ndi ya ku Britain, "he made a face" imamveka konsekonse, zonse ndi kupotoza nkhope mwadala posonyeza kuti chinthu simunachikonde, "she made a face when she saw the beans again".

"A long face" si mkwiyo, ndi kukhumudwa, nde wina akakufunsani "why the long face?" akufunsa kuti mwasunama bwanji. "His face fell" ndi nkhope kugwa mwadzidzidzi utamva zosayembekezera, ndipo apa pokha Chichewa ndi Chingerezi zinakumana, amene mumawerenga Baibulo mukukumbukira pa Genesis 4 kuti Kaini atakwiya nkhope yake inagwa. "Her face darkened" ndi mkwiyo ukubwera ngati mitambo ya mvula, ukafika penipeni a ku Britain amati "he had a face like thunder". Nkhope yoti gwaa, yosaonetsa kalikonse koma mukudziwa kuti zinthu sizili bwino, ndi "a stony face", munthuyo ndi "stony-faced". Musaisokoneze ndi "he kept a straight face", imeneyo ndi kudzigwira kuti usaseke.

Ndipo kulunda, msunamo, munthu kungoti ndwii osayankhula aliyense kuyambira mmawa, ndi sulk. "He sulked all afternoon." Sulk si nkhope yokha, ndi khalidwe lonse, kukhala kumbali, kukana kudya, kuyankha ndi mutu.

6. Kamangidwe ka chiganizo, apa lowezani.

Ambiri mwa mawuwa ali mmagulu atatu. Gulu loyamba ndi aneni oyenda okha opanda pamtherankhani, frown, scowl, glare, glower, grimace, wince, pout, sneer, sulk. Awa musawapatse face, mouth kapena eyes. Mukafuna kuloza munthu kapena chinthu mperekezi wake ndi at, osati to, osati on. "He glared at me", osati "he glared me" ndipo osati "he glared to me". Vutoli limachokera kwathu komwe, ife timati anandituzulira maso, ka -ndi- koloza munthu kaja kali mkati mwa mneni, nde mwana amaiwala kuti Chingerezi chimafuna kamlatho.

Gulu lachiwiri ndi aneni amene sayenda popanda chiwalo chawo, ndipo chiwalocho chimafuna his, her, my kapena their patsogolo. Purse ndi lips, wrinkle ndi nose, roll ndi eyes, narrow ndi eyes, furrow ndi brow, clench ndi jaw, grit ndi teeth, curl ndi lip umodzi osati iwiri. Musasinthanitse, "she pursed her nose" kulibe, "he rolled his face" kulibe. Musalembenso "she pursed the lips", owerenga afunsa kuti milomo ya ndani.

Gulu lachitatu ndi la give ndi look, kumene mumachita kumupatsa munthu kayang'anidweko, "she gave him a stern look", "a sour look", "a disapproving look". Pomwepa ndikumbutse za look angry ndi look angrily. "He looked angry" ndiye kuti amaoneka wokwiya. "He looked angrily at me" ndiye kuti anandiyang'ana mokwiya. Choyamba chimatenga mfotokozi, chachiwiri muonjezi ndi at. "He looked angrily" nkuima pomwepo ndi chiganizo chopanda miyendo.

7. Tsopano pamene mabuku ambiri amadumpha, kusankha liwu loyenera munthuyo ndi malowo.

Mndandanda wa mawu aliyense angakupatseni, ngakhale pa Google uli mbwee. Chimene sakuuzani nchakuti mawuwa sali ofanana kulemera, ndipo lililonse limanena kanthu za amene akuchitayo ndi amene akuchitiridwayo. Mukasankha molakwika galamala ikhala yolondola koma nkhani yanu inena zimene simunafune.

Tiyeni titenge kukwinya kumodzi komweku tikuyendetse mmalo asanu. Muli mminibasi, kondakitala watenga ndalama yanu ndipo mwakumbutsa za chenji katatu iye akungoyang'ana panja. Mayi amene mwakhala nawo pampando amutuzulira maso. Imeneyo ndi glare, pali munthu wolakwa ndipo akuyang'anidwa maso ndi maso. Tsopano muli kuchipatala, agogo akubayidwa jakisoni, nkhope yawo yakwinyika kamodzi nkubwerera. Imeneyo ndi wince, ululu ukapitirira ndi grimace. Mukalemba "my grandmother scowled" mwawasandutsa agogo odwala kukhala okwiyira anesi. Pamsika mayi anyamula usipa nkununkhiza, aona kuti wagonera, "she wrinkled her nose". Kunyumba mwana wamanidwa ndalama ya mandasi, poyamba "he pouted", akakhala pakhonde mpaka madzulo osadya "he sulked". Kuofesi ahedi akuwerenga lipoti lanu la teremu, nsidze zayandikana koma sanayankhule, "the headteacher frowned at the report". Mwaona, mChichewa tikanatha kunena kuti onsewa anakwinya nkhope ndipo palibe akanatitsutsa, koma mChingerezi ndi mawu asanu ndi awiri osiyana.

Kenako pali nkhani ya ulemu, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Pout ndi sulk ndi mawu a ana. Mukalemba "my father pouted" kapena "the chief sulked" mwawachepetsa akuluakuluwo, owerenga aona ngati mukuwanena kuti akuchita zachibwana. Munthu wamkulu akaipidwa mpatseni frown, "a stern look", "pursed lips", kapena "his face darkened". Apongozi aakazi akalawa ndiwo za mtengwa nkuona kuti mchere wachuluka sachita "pull a face" ngati mwana, iwo "she pursed her lips and said nothing", ndipo aliyense wa mnyumbamo wamva kale uthenga.

Mbali inayo nchimodzimodzi. Kwathu kuno mwana akadzudzulidwa ndi bambo ake satuzula maso, amazyolika. Nde mukalemba "I glared at my father" kapena "I rolled my eyes at my mother" dziwani kuti mwalemba za mwana wamwano woonekeratu, ndipo nkhani yanu iyenera kusonyeza zotsatira zake. Ngati zimene mumafuna kunena nzakuti mtima unakupwetekani koma munadzigwira, monga mmene ambiri tinakulira, lembani "I lowered my eyes and clenched my jaw" kapena "I bit my lip and said nothing". Ana ambiri amatola roll my eyes mmafilimu nkuiika mnkhani ya kumudzi kwa agogo, galamala ili bwino koma munthu wa mnkhaniyo sakhalanso Mmalawi amene amafuna kumulembayo. Ine ndimakonda mwana amene walemba nkhope zimene anazionadi kwawo.

Sneer ndi curl the lip musamazimwaze paliponse. Zimenezi zimamupaka munthu utoto wa kudzikuza, mukangompatsa sneer owerenga amuda basi. Ngati aphunzitsi a mnkhani yanu ndi abwino amene angokhumudwa ndi khalidwe la mwana, sneer si yawo.

Ndipo kwa inu amene mukupita kukagwira ntchito yosamalira okalamba kapena ya unesi ku UK, izi si za mayeso okha. Pali odwala amene sangathe kunena kuti akumva kuwawa, monga amene matenda a dementia, aja a mubongo oiwalitsa zinthu, afika nawo patali, nde ogwira ntchito amayang'ana nkhope. Pa sikelo ina yoyezera ululu yotchedwa PAINAD, frown amaipatsa 1 pomwe grimacing amaipatsa 2. Ndiye kuti mukalemba mufayilo kuti "she was frowning" pamene gogoyo amachita grimace pomutembenuza pabedi, mwachepetsa ululu wake papepala, ndipo mukalemba "she was scowling" wobwera pambuyo panu aganiza kuti gogoyo ndi wovuta chabe. Liwu limodzi lomweli lingachititse kuti munthu apatsidwe mankhwala msanga kapena agone nawo ululu.

8. Katchulidwe ndi kalembedwe, makamaka l ndi r.

Tisabisane, ife a Chichewa l ndi r zimatisakanikira chifukwa mchinenero chathu sizisintha tanthauzo. MChingerezi zimasintha. Frown ndi tsinya, flown ndi kuuluka, nde "he flowned" kulibe. Glower ndi kuyang'ana mwaukali, grower ndi mlimi. Scowl si scold, scold ndi kukalipira ndi mawu. Wince si wink, wink ndi kutsinzinira munthu diso limodzi, taganizani mutalemba kuti agogo anatsinzinira dokotala diso powabaya.

Potchula, frown imamveka ngati brown ndi town, scowl ngati owl, glower ngati flower ndi power osati ngati glow, brow ngati cow, pout ngati out. Mu knit k satchulidwa, mu wrinkle w satchulidwa. Amene muli ndi bandulo tsegulani dikishonale ya pa intaneti ya Cambridge kapena Oxford, pali kabatani ka sipika, dinani mumve nokha kangapo kenako mubwereze mokweza.

9. Kuyeserera kwake.

Patulani masamba awiri kumapeto kwa kope lanu la English. Musalembe liwu lokha ndi tanthauzo lake ayi, lembani chiganizo chathunthu ndi munthu weniweni amene munamuona akuchita zimenezo, kaya ndi kuchigayo, kumjigo, kutchalitchi kapena pamzere wa kubanki. Tsiku lililonse nkhope imodzi. Mukakayika ngati mawu awiri amayendera limodzi onani zitsanzo za mdikishonale osati tanthauzo lokha, ndipo ngati kulaibulale yanu kuli Oxford Collocations Dictionary ntchito yake ndi imeneyi.

Chenjezo lomaliza ndi la amene mwawakonda mawuwa mpaka kufuna kuwathira onse mpoto umodzi. Nditaphunzitsa phunziro ili chaka china, mtsikana wina wolimbikira kwambiri anandibweretsera ndime iyi, "My mother frowned, scowled, glared, pursed her lips and rolled her eyes at me with a long face." Nkhope imodzi singachite zonsezi nthawi imodzi, ndipo long face ya chisoni ija ikulimbana ndi glare ya ukali. Tinakhala pansi awiri ndinamufunsa kuti tandiuze, tsiku limenelo utafika mochedwa amayi anachita chani kwenikweni? Anati anali pamkeka akusankha nyemba, sanadzuke, anangondiyang'ana kamodzi nkufinya milomo nkupitiriza kusankha, ndipo mpamene ndinadziwa kuti zavuta. Ndinati lemba zimenezozo. Anabwera nazo mawa lake zili chonchi, "My mother looked up from the beans she was sorting, pursed her lips, and went back to her work without a word." Ndinamupatsa chongi chachikulu pambali, ndipo chiganizo chimenechi ndimawerengerabe kalasi iliyonse ya Fomu 3 ikafika pa mutu umenewu.